PHUNZIRO LA SABATA INO: KUGWETSA MABOSI MU GHOST OF SPARTA, NDI FUNSO LA MUNTHU WA CHIZINDIKIRO

 

Lachitatu lapitali pa buleki panabuka mkangano pansi pa mtengo wa mango uja wa pafupi ndi mjigo. Mnzathu wina wa Fomu 3 amalumbira kuti Thanatos sangagonjetseke pa foni pokhapokha utakhala ndi padi yeniyeni. Wina amati bodza limenelo, nkhani ndi chala chothamanga basi. Kenako mtsikana wina wa Fomu 2, amene ambirife sitimadziwa n'komwe kuti amasewera, anangofunsa kuti, "Inu mukulimbana ndi Thanatos, koma mukudziwa chimene anamusungira Deimos zaka zonsezo?" Tonse kukamwa yasa. Belu linalira tisanamuyankhe. Ndiye ndati phunziro la sabata ino likhale limeneli: kamenyedwe kake, komanso nkhani imene ili kuseri kwa ndewuzo.

Ndisanapite patali, zinthu ziwiri. Foni pasukulu pano n'zoletsedwa, ndipo pepala lino silikusintha lamulo limenelo. Chachiwiri, gemu imeneyi si ya ana. Ku America anaipatsa chilembo M, kutanthauza a zaka 17 kupita m'tsogolo, ndipo ku Ulaya anaika 18, chifukwa muli magazi ambiri ndi zithunzi zina zosayenera. Ang'ono athu a Fomu 1, dumphani mupite ku gawo la nthano, kumeneko kuli zoti zikuthandizeni ngakhale m'kalasi. A Fomu 4, inu mukudziwa kale kuti bosi wanu ndi MSCE, ndipo ameneyo alibe save state.

GEMU YAKE NDI ITI?

God of War: Ghost of Sparta inatuluka mu Novembala 2010 pa kamakina kam'manja ka Sony kotchedwa PSP. Anaipanga ndi a Ready at Dawn, omwenso anapanga Chains of Olympus mu 2008. Kuno ku Mzimba PSP yeniyeniyo ambirife sitinaigwirepo. Gemuyi imatifika kudzera pa PPSSPP, pulogalamu yaulere imene Henrik Rydgård wa ku Sweden anaitulutsa mu 2012, yomwe imachititsa foni ya Android kugwira ntchito ngati PSP. Pulogalamuyo ndiyo yaulere, magemuwo ali ndi eni ake, zimenezo muzidziwe. Dark Souls ya 2011 ndi Elden Ring ya 2022, zimene anyamata a pa Boma amazitchulatchula, zimafuna makina amphamvu. Ife timangozionera pa YouTube bandulo ikalola. Koma nzeru ya kumenya bosi ndi yomweyo kulikonse.

Nkhani yake imagwa pakati pa God of War woyamba wa 2005 ndi wachiwiri wa 2007. Kratos, msilikali wa ku Sparta, wapha Ares ndipo wakhala pa mpando wake monga mulungu wa nkhondo. Koma mtima sunakhazikike. Akuona masomphenya a mayi ake ndi a mng'ono wake Deimos, amene iye ankaganiza kuti anamwalira kalekale. Athena akumuletsa kufukula zakale. Iye osamva, ulendo wa ku Atlantis.

KONZANI FONI KAYE

Ambiri amene amati bosi ndi wovuta, vuto lawo si bosi ayi, ndi foni. Ghost of Sparta ndi yolemera. Pa mafoni athu ambiriwa imakakamira, mawu kumadukaduka, ndipo ukadina batani Kratos amayankha mochedwa ngati mwana wotumidwa kukatunga madzi madzulo. Lowani mu settings, pa graphics, mutsitse rendering resolution ifike pa 1x. Kukongola kuchepa, chifukwa chithunzi chibwerera pa 480 ndi 272, muyeso wa sikirini ya PSP, koma chiyenda. Ikamakakamirabe ikani frameskip pa 1. Mukapitirira apo muyamba kuphonya zizindikiro za bosi, chifukwa zithunzi zina foni ikuzidumpha. Komanso musasewere foni ili pa tchaja. Ikatentha imachepetsa liwiro yokha, ndipo amene timatchajitsa pa sola ya pa golosale tikudziwa kuti batire ikafufuma palibe wokugulira ina.

Mabatani ake: sikweya ndi kumenya mopepuka, thirayango kumenya mwamphamvu, seko kugwira mdani, X kudumpha, L kutchinga. Kugubuduka pothawa nkhonya kumafuna L ndi R pamodzi, kwinaku ukukankha analogi. Pa sikirini zimenezi ndi zala zitatu, ndipo apa mnzathu wa padi uja anali ndi mfundo ndithu. Koma PPSSPP imalola kupanga batani limodzi lophatikiza L ndi R, n'kuliika pomwe chala chachikulu chakumanja chimafika mosavuta. Ine nditachita zimenezi, Erinys amene anandisunga masabata awiri ndinamugwetsa Loweruka limodzi, nsima isanapse.

Save state ndi yabwino, koma sungani musanalowe m'bwalo la bosi, moyo uli wodzaza. Ine ndinasungapo pakati pa ndewu, moyo utatsala kadontho, nkhonya ili kale m'mwamba. Ndikatsegula ndinkangofera pomwepo.

YANG'ANANI BONDO, OSATI PHAZI

Amene munaonerapo ingoma ku Hora pa Umtheto mu Ogasiti, kapena kumudzi kwanu komwe, mukudziwa kuti phazi silimenya pansi mwadzidzidzi. Bondo limayamba lakwera, chishango chimapendekeka, kenako ndiye dii! Wovina mnzake sadikira phazi, amaona bondo. Bosi nayenso ali choncho. Opanga gemu amaika dala kachizindikiro nkhonya iliyonse isanafike: kukweza mkono, kubwerera m'mbuyo pang'ono, kukuwa, kapena kuwala kwinakwake. Akanapanda kutero gemu ikanakhala njuga.

Choncho ulendo woyamba mukakumana ndi bosi musafune kupambana. Tchingani, gubudukani, muziwerenga. Ali ndi nkhonya zamitundu ingati? Ndi iti imene L imaitchinga, nanga ndi iti imene imaboola? Akamaliza kumenya amaima nthawi yaitali bwanji asanayambirenso? Kaimidwe kameneko ndiye khomo lanu. Kufa kawiri katatu ukuphunzira si kulephera, aise, ndi fizi.

Khomolo likatseguka lowani ndi kombo yaifupi: sikweya, sikweya, thirayango. Dzina lake ndi Plume of Prometheus. Imatha msanga ndipo imakusiya uli wokonzeka kuthawa. Chimene chimapha ambiri ndi dyera. Waona bosi waima, wamenya katatu, mtima ukuti onjezera kachinayi ndi kachisanu, basi chimkono chija chakupeza. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Bosi akafooka, pamutu pake pamaoneka seko. Dinani, kenako tsatirani mabatani amene akubwera pa sikirini limodzi limodzi. Apa maso akhale pa batani, osati pa zimene Kratos akuchita, ngakhale zikhale zokoma kuonera.

Timipira tofiira timene mumatola ndi ndalama yanu yokulitsira zida. Malangizo anga: yambani ndi malupanga a maunyolo aja, Blades of Athena, chifukwa ndi amene muli nawo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kenako Thera's Bane. Zina zonse pambuyo. Fufuzaninso mabokosi obisika m'makona momwe kamera sikuonetsa bwino. Maso asanu a Gorgon amatalikitsa mzere wa moyo, nthenga zisanu za Phoenix mzere wa matsenga, nyanga zisanu za Minotaur mzere wa moto. Munthu wofika kwa Thanatos ndi mzere waufupi wadzilanga yekha. Ndipo pa magawo anayi a kulimba kwa gemu, Mortal, Hero, Spartan ndi God, yambani pa Hero. Zoyambira pa Spartan kuti anzanu akutameni zimathera m'misozi.

MABOSI ENIENIWO

Scylla, chilombo cha m'nyanja chimene chimaukira zombo pa ulendo wa ku Atlantis, ndi mphunzitsi chabe. N'chachikulu, chimaopsa, koma n'chochedwa. Chimakuphunzitsa kuona mkono ukukwera n'kuchoka pamene ugwere. Tizilombo ting'onoting'ono timene chimatulutsa musatinyoze, timaluma ukuyang'ana kwina. Chimathawa n'kubweranso, mpaka mumakamalizana nacho mkati mwa phiri la moto.

Callisto ndiye woyamba kuvuta, osati pa zala pokha. Kratos amawapeza mayi ake ali gone, odwala. Amamuuza kuti Deimos ali moyo ndipo akuzunzika m'dziko la Imfa. Kratos atafunsa za bambo ake, mayiwo amamunong'oneza dzina, ndipo pomwepo temberero limawasandutsa chilombo. Malo omenyanirana ndi opanikiza, ndiye gubudukirani cham'mbali, muzimuzungulira. Mukamathawira kumbuyo mupezeka mwatsamira khoma, kothawira kulibe. Kunena zoona ine ndewu imeneyi sindiikonda. Umapambana koma osasangalala.

M'phiri la moto muja Kratos amamasula Thera, mmodzi wa ma Titan, n'kulandira moto wotchedwa Thera's Bane. Ukagwira R malupanga amayaka. Mvetsetsani bwino apa, chifukwa theka lachiwiri la gemu laima pamenepa: adani ovala zitsulo, malupanga wamba amangodumpha pa iwo ngati khasu pa mwala. Moto wokha ndi umene umaswa. Mzere wake umadzadza wokha ukausiya kanthawi, choncho nzeru yake ndi kuyatsa pamene khomo latseguka, kuzimitsa pothawa. Ambiri amagwira R nthawi yonse, moto n'kutha pamene akuufunitsitsa.

Mfumu Midas ndingomudutsa. Si ndewu kwenikweni, ndi kumukoka munthu wosokonezeka mutu n'kumuponya m'chiphalaphala chamoto kuti chisanduke golide, njira ipezeke. Musalole akugwireni basi.

Erinys, mwana wamkazi wa Thanatos, ndiye amasiyanitsa odinadina ndi osewera. Ndi wothamanga, ali ndi mapiko, ndipo amaponya mphamvu yakuda yozungulira ali patali. Kulakwitsa kwanga kwa masabata awiri kunali kumuthamangitsa. Iye amafuna zomwezo. Ukamuthamangira umafika wamaliza kale kupuma, ndipo umalandiridwa ndi nkhonya. Imani pakati, mutchinge, mulewe zoponyazo, adzabwera yekha. Akatera n'kumaliza kombo yake, yatsani moto, sikweya, sikweya, thirayango, chokani. Mukamuthothola mapiko musayambe kukondwera. Amasanduka chimbalame chachikulu, ndipo ndewu imapitirira mpaka m'mlengalenga, komwe mabatani a pa sikirini aja amabwera mwachangu. Pukutani thukuta m'manja musanafike pamenepo. Mukamugonjetsa mumatenga mphamvu yake, Scourge of Erinys, yomwe imathandiza kwambiri adani akachuluka.

Ndipatuke pang'ono, kwa amene muli ndi Chains of Olympus. Charon, woyendetsa bwato la akufa, ulendo woyamba simungamugonjetse, gemu inakonzedwa kuti mugonje. Musataye batire. Mukabweranso muli ndi Gauntlet of Zeus, yang'anani kumene amathawira akafooka: amakatenga mphamvu pa zipilala za m'bwatomo. Iswani zipilalazo. Phunziro lake limagwira ntchito paliponse: bosi akamachira, funsani kuti akudya kuti.

Tibwerere. Ku Sparta Kratos amalandira mkondo ndi chishango zake zakale, Arms of Sparta. N'zokoma kugwiritsa ntchito. Umatha kuyenda uku ukutchinga, mkondo umaponya patali, ndipo kwa ife a kuno zimaoneka ngati zakwathu. Koma musathirepo timipira tanu tonse. Chifukwa chake nachi. Kratos akafika m'dziko la Imfa n'kumasula Deimos, mng'ono wakeyo samulandira ndi manja awiri. Amamumenya koopsa, pomunena kuti anamutaya. Thanatos amabwera n'kumutenga Deimos kukamuponya kuphompho, Kratos amamupulumutsa, abale amagwirizana, ndipo Kratos amamupatsa mkondo ndi chishango zija. Ndiye kuti ndewu yomaliza mumalowa opanda zida zimenezo. Amene anazolowera kubisala kuseri kwa chishango amapezeka ali m'madzi.

Thanatos amasinthasintha. Pena ndi wamsinkhu ngati munthu, ndi lupanga, wothamanga. Pena ndi chilombo chachikulu chamapiko m'mphepete mwa phompho. Akakhala ngati munthu, chitani zimene Erinys anakuphunzitsani: dikirani, tchingani, kombo yaifupi. Akakula, kumbukirani Scylla: onani mkono, chokani pamene ugwere, menyani ndi moto pamene wagwerapo. Matsenga asungireni pamene mwapanikizika, osati poyambira. Palibe chatsopano chimene Thanatos amafunsa. Amangofunsa zonse za m'mbuyo pa pepala limodzi. Ndipo inde, amagonjetseka pa foni. Ine ndinamugwetsa pa Hero, sikirini yake yosweka pakona. Mboni zilipo ziwiri mu Fomu 3.

NDANI ANALI NDI CHIZINDIKIRO?

Tsopano funso la mtsikana uja. Mu gemu muli ulosi wakuti Olympus, mudzi wa milungu, udzagwetsedwa ndi msilikali wokhala ndi chizindikiro pathupi. Deimos anabadwa ndi banga lalikulu lofiira. Milungu itaona inati ndi ameneyu. Ares ndi Athena anafika ku Sparta anyamata awiriwo akuphunzira nkhondo, n'kumugwira Deimos. Kratos anayesa kulimbana nawo, Ares anamukantha, n'kumusiyira chipsera pa diso lakumanja. Deimos anaperekedwa kwa Thanatos kuti asungidwe kumene sangaopseze aliyense. Limenelo ndiye yankho lake: anamusunga chifukwa cha mantha a Zeus.

Koma amene anagwetsa Olympus mu God of War III, ya 2010 yomweyo, ndi Kratos. Ambiri amangoti milungu inalakwitsa munthu, nkhani yatha. Ine ndikuona kuti pali zoposa apo. Tiyeni tiwerenge zizindikiro za pathupi pa Kratos. Chipsera cha pa diso anamupatsa ndi Ares tsiku logwidwa Deimos. Chizindikiro chofiira chija chodutsa kumaso, pamutu mpaka pamkono anadzilemba yekha pokumbukira banga la mng'ono wake, ndiye kuti chinabwera chifukwa cha kugwidwa komweko. Khungu loyera ndi phulusa la mkazi wake Lysandra ndi mwana wake Calliope, amene anawapha mosadziwa Ares atamupusitsa. Mwa zitatuzi palibe n'chimodzi chomwe chimene anabadwa nacho. Tsiku limene ulosi unkanenedwa, Kratos anali mwana wopanda banga. Milungu sinangophonya munthu wa chizindikiro. Inamupanga yokha, pofuna kumupewa.

Wina anditsutsa kuti: nanga akanamusiya Deimos, si akanadzagwetsa Olympus iyeyo? Mwina. Gemu sitiuza. Koma taonani kuti Deimos tikumupeza alibe mlandu ndi milungu kupatula umene milunguyo inayambitsa. Mkwiyo wake woyamba sunapite n'komwe kwa Zeus, unapita kwa mkulu wake.

Kaganizidwe kameneka opanga gemu sanakatole m'mutu mwawo. Agiriki akale ankakakonda. Wolemba ndakatulo Hesiod anasimba za Cronos, amene atamva kuti mwana wake adzamulanda ufumu anayamba kumeza ana ake onse. Mkazi wake Rhea anabisa wotsiriza ku chilumba cha Crete n'kumupatsa mwamunayo mwala wokulunga m'nsalu. Mwana wobisidwayo ndi Zeus, ndipo anadzamugwetsadi. Oedipus naye chimodzimodzi: bambo ake anamutaya ali khanda pothawa ulosi, ndipo kutayidwako ndi kumene kunachititsa kuti adzawaphe osadziwa kuti ndi bambo ake. Ndiye Zeus wa mu gemu akubwereza kulakwa kwa bambo ake, iye amene anayenera kudziwa bwino kuposa wina aliyense.

MDZUKULU WOKUMBA MANDA

Pali nkhalamba ina imene imaoneka ikukumba manda, mdzukulu tingotero. Mu gemu ya 2005 ili ku Athens, ikukumba dzenje pakati pa nkhondo, ndipo dzenje lomwelo ndi limene Kratos amadzatulukira pochoka kwa akufa. Mu Ghost of Sparta imamuchenjeza kuti asakwiyitse milungu, ndipo pamapeto, Thanatos atapha Deimos, Kratos n'kupha Thanatos, Kratos amaika Deimos m'manda amene nkhalamba yomweyi inakumba, kenako nkhalambayo imaika Callisto m'manda ena pafupi naye. Pambali pake pali dzenje lachitatu, lopanda munthu.

Kwa zaka zingapo osewera ankangoganizira kuti ameneyu ndi Zeus. Ghost of Sparta inatsimikiza mwakachetechete: ukatsegula zonse za mu Temple of Zeus umapeza fosholo ya nkhalambayi, ndipo ukaisankha m'bwalo la ndewu imasanduka Zeus. Dzina limene Callisto ananong'ona sitilimva, koma God of War II imaulula kuti bambo a Kratos ndi Zeus. Taganizani tsono. Bambo akukwirira mwana wake ndi mayi wa ana ake, amene iye mwini anawaweruza, kwinaku atakonzeratu dzenje la mwana wotsalayo. Kwathu kuno adzukulu amalemekezedwa chifukwa amagwira ntchito imene abale a malemu sangaithe. Uyu ndi mdzukulu amene maliro anawapanga yekha.

Chimene chimandivutabe n'chakuti anamuthandiziranji mu 2005. Yankho losavuta ndi lakuti ankafuna kuti Ares afe, ndipo Kratos anali chida. God of War III imaonjezera kuti bokosi la Pandora litatsegulidwa, zoipa za m'menemo zinalowa mwa milungu, Zeus n'kugwidwa ndi mantha. Koma Deimos anagwidwa bokosilo lisanatsegulidwe, Kratos ali mwana. Ndiye mantha analipo kale. Bokosi linangokolezera.

GEMU SI BUKU LA HISTORY

Chenjerani, musakalembe za mu gemu pa mayeso. Mu nthano zenizeni za Agiriki, Kratos si mwana wa Zeus ndipo si wa ku Sparta. Hesiod amati ndi mwana wa Pallas ndi Styx, ndipo dzina lake limatanthauza mphamvu. Ndi mtumiki wokhulupirika wa Zeus. M'sewero lakale la Prometheus Bound, iye ndi amene amakakamiza kuti Prometheus amangidwe pa thanthwe. Liwu lomwelo lili mkati mwa demokalase: demos ndi anthu, kratos ndi mphamvu. A Social Studies, tengani imeneyo.

Deimos m'nthano ndi mwana wa Ares ndi Aphrodite, mbale wake wa Phobos. Miyezi iwiri ya pulaneti ya Mars, imene Asaph Hall anaitulukira mu 1877, inapatsidwa mayina amenewa. Erinys si mwana wa Thanatos, ma Erinyes anali milungu yaikazi yobwezera, makamaka kwa okhetsa magazi a abale awo. Callisto anali mtsikana wotsatira Artemis, amene anabereka mwana wa Zeus n'kusandutsidwa chimbalangondo, kenako n'kuikidwa kumwamba monga gulu la nyenyezi la Ursa Major. Apa mukuona pomwe gemu inatenga zoti asanduke chilombo. Nyenyezi zimenezi zimaoneka kuno, cham'munsi kumpoto, madzulo a mu Epulo ndi Meyi kukakhala kopanda mitambo. Atlantis anailemba ndi Plato, ndipo palibe anaipezapo. Koma Thera ndi malo enieni, chilumba chimene lero chimatchedwa Santorini, komwe phiri linaphulika koopsa zaka zoposa 3,500 zapitazo.

Sparta nayo inaliko, ndipo zoti ana aamuna ankachotsedwa kwa makolo ali ndi zaka 7 kukaphunzira nkhondo n'zoona. Anzanga ena amati Asparta ndi Angoni a ku Ulaya. Ndikumva chimene akutanthauza, mkondo, chishango, magulu a anyamata a msinkhu umodzi. Koma tisafulumire. Asparta anakhala m'chigwa chimodzi zaka mazanamazana. Anthu a Zwangendaba anayenda kuchokera kumwera kwa Africa, kuwoloka Zambezi mu Novembala 1835 tsiku limene dzuwa linadetsedwa, kukafika mpaka ku Tanzania, kenako a M'mbelwa n'kudzakhazikika kuno. Ulendo umenewo wokha ndi gemu yathunthu, ndipo palibe waipanga.

ZA MATCHONA

Ndimalize ndi chimene sindinanene pansi pa mango paja. Ndewu ya Deimos ndi Kratos anyamata ambiri amaiona ngati yopanda nzeru: munthu wabwera kudzakumasula, iwe n'kumumenya? Koma funsani agogo anu za nthawi ya Wenela, za amuna amene anapita ku migodi n'kutchona, kunyumba n'kumangomva mphekesera. Kapena musapite kutali, werengani m'kalasi mwanu momwemo amene ali ndi bambo, mlongo kapena mchimwene ku Joni. Basi ikanyamuka pa Boma kapena pa Jenda, kudutsa Tete mpaka Beitbridge, onse amalonjezana kuti tiziimbirana. Zaka zikapita, wotsala amati anatitaya, wopita amati anandiiwala, amangondikumbuka pofuna ndalama. Aliyense ali ndi mlandu ndi mnzake, pamene amene anawalekanitsa sali pakati pawo n'komwe. Deimos anadikira zaka zonse zija akukhulupirira kuti mkulu wake abwera. Kratos sanabwere chifukwa anauzidwa kuti kulibenso munthu. Onse awiri akunena zoona.

Foni imene ndimasewerera inali ya achimwene anga. Anaisiya pamene ankapita ku Joni chaka chatha, atagula ina. Gemu ndinaipeza momwemo, pamodzi ndi sevu yawo. Iwo analekera pa chipata cholowera m'dziko la Imfa, asanakumane ndi Deimos, timipira tawo tambiri atathira pa mkondo ndi chishango, kulakwitsa komwe ndakuchenjezani kuja. Ine ndinayamba yanga pa malo ena, yawoyo sindinaifufute. Anaimba komaliza pa Khirisimasi, ndipo ndinaiwala kuwauza kuti zida zimenezo sakafika nazo kwa Thanatos.

Amene mukutsutsa za zizindikiro zitatu zija, lembani mupereke kwa a komiti ya bolodi pasanafike Lachisanu, tidzamata pambali pa pepala lino.